Kodi ndi timu iti yataya ndalama kwambiri pamsika wa osewera?

Red_wa_Chitakale:
Abale a pagulu pano, ndili ndi funso ndipo ndikufuna mayankho achilungamo, zotukwana ayi. Dzulo pa vidiyo sho ya pa Chitakale tinakangana mpaka mwini wake anatizimitsira TV. Nkhani yake ndi iyi: mwa matimu a ku England amene timawachemerera kuno, ndi iti yataya ndalama kwambiri pogula osewera? Ine ndine wa Manchester United kuyambira ndili ku pulayimale, koma sindibisa, za Mason Mount zimandiwawa. Tinapereka mapaundi 55 miliyoni ku Chelsea mu 2023, munthu atangotsala ndi chaka chimodzi pa kontrakiti yake, n'kumuveka jezi nambala 7 imene anavala Cantona, Beckham ndi Ronaldo. Chaka choyamba chigoli chimodzi chokha mu ligi, chija cha ku Brentford. Nthawi ina yonse ali m'manja mwa madokotala. Anzanga akuti ndi tsoka. Ine ndikuti ngakhale pa msika wa Limbuli munthu sagula njinga asanaikwere.

Gunner_Luchenza:
Mwayambira pa Mount bwanji amwene, Antony mwamubisa kuti?

Red_wa_Chitakale:
Sindinamubise. Antony anakuchinyani inu a Arsenal pa gemu yake yoyamba, 3-1 ku Old Trafford. Mwaiwala?

Gunner_Luchenza:
Sindinaiwale, ndinaonera ndipo ndinagona osadya. Koma mapaundi oposa 80 miliyoni ku Ajax chifukwa cha tsiku limodzi? Kenako munthu yemweyo mwamubwereketsa ku Real Betis, wakafika kumeneko wayamba kumwetsa zigoli. McTominay munamugulitsa motchipa ku Napoli, watenga ligi ya ku Italy n'kusankhidwa wosewera wabwino koposa onse. Vuto lanu si osewera ayi. Mbewu ndi yabwino, munda ndi umene waguga.

MayiBlues_Bvumbwe:
A Arsenal musatukule mapewa. Nicolas Pepe, mapaundi 72 miliyoni kuchokera ku Lille mu 2019. Anachoka mwakachetechete kupita ku Trabzonspor, palibe anamuperekeza.

Gunner_Luchenza:
Za Pepe ndavomera mayi, tinalakwitsa. Koma inu a Chelsea musalowe nawo nkhaniyi. Mudryk munatilanda pakamwa mu Januwale 2023, lero ali kuti?

MayiBlues_Bvumbwe:
Za Mudryk zinatipweteka, makamaka atamuimitsa pa nkhani ya mankhwala oletsedwa. Koma mu 2023 momwemo tinagula Cole Palmer ku Man City ndi mapaundi 40 miliyoni okha, n'kumwetsa zigoli 22 mu ligi. Caicedo anthu anatiseka kuti 115 miliyoni ndi misala, lero ndani akumudutsa pakati paja? Ine ndimagulitsa tomato pa Bvumbwe. Ndikapikula mabasiketi khumi ndimadziwa kuti awiri aphwanyika panjira, phindu limachokera pa asanu ndi atatu otsalawo. PSG tinaikwapula 3-0 pa fainolo ya Club World Cup, chikho chili kwathu.

KabazaWaNkando:
Mayi, mabasiketi anu ophwanyikawo achuluka kuposa abwino. Lukaku munamugula 97.5 miliyoni mu 2021, chaka chimodzi chokha wabwerera ku Inter.

Aphunzitsi_Thekerani:
Ndiloleni ndiwonjezepo kanthu, chifukwa tikukangana pa mitengo imene timaiona pa foni koma eni matimu sawerengera choncho. Timu ikagula wosewera, mtengo uja m'mabuku a ndalama amaugawa pa zaka zonse za kontrakiti. Tiyerekeze kuti wagulidwa mapaundi 80 miliyoni ndipo wasaina zaka zisanu: m'mabuku chaka chilichonse mumalembedwa 16 miliyoni. Akasaina zaka zisanu ndi zitatu, mumalembedwa 10 miliyoni basi. N'chifukwa chake Chelsea inkapereka makontrakiti ataliatali, Mudryk ndi Enzo Fernandez zaka zisanu ndi zitatu ndi theka. UEFA itaona zimenezi inaika malire mu 2023 kuti mtengo usamagawidwe pa zaka zoposa zisanu. Tsono kuipa kwake ndi uku: wosewera wa kontrakiti yaitali akavulala kapena akalephera, umakhala naye mpaka kalekale, malipiro ake ukupereka sabata ndi sabata, wogula osapezeka. Zili ngati katundu wa ngongole ku sitolo, wathyoka mwezi wachiwiri koma akukudulabe pa malipiro zaka zitatu. Komanso wosewera amene timu yamulera yokha kuyambira ali mwana, ikamugulitsa ndalama yonse imalembedwa ngati phindu tsiku lomwelo. Mount anali mwana wa Chelsea. Ndiye a Red, 55 miliyoni yanuyo inawathandiza kwambiri anzanuwa kukonza mabuku awo.

Red_wa_Chitakale:
Aphunzitsi, mwandiwonjezera ululu koma ndamva. Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti miyezi yomaliza ku Chelsea munthuyu anali kale wovulala. Madokotala athu pomuyeza sanaone?

YNWA_Muloza:
Ndakhala ndikuwerenga chete. Funso lanu ndi la amene anataya, ine ndiyankha za amene anagula bwino, kuti muone kusiyana. Januwale 2018 Liverpool inagulitsa Coutinho ku Barcelona ndi ndalama zoposa mapaundi 100 miliyoni. Mwezi womwewo Van Dijk anabwera kuchokera ku Southampton, 75 miliyoni, anthu n'kumati wotchinga kumbuyo sangadule chonchi. Patangopita miyezi yochepa tinatenga goloboyi Alisson ku Roma. Zotsatira zake Champions League 2019, ligi 2020. Munthu mmodzi anatigulira anthu awiri amene timu inkawasowadi. Ndipo ligi ya 2025 kochi Arne Slot anaitenga atangowonjezera Chiesa yekha, yemwenso sanasewere kwenikweni. Kugula bwino ndi kudziwa pamene denga likudontha, osati kugula malata chifukwa mnansi wagula.

Gunner_Luchenza:
Ndiye Wirtz amene munamugula ndi ndalama zoposa 100 miliyoni uja ndi denga liti likudontha?

YNWA_Muloza:
Tidzakambirana zimenezo pakatha zaka zitatu. Inu kuyambira 2004 kufika 2025 ligi simunaigwire, achiwiri katatu kotsatizana, kawiri komaliza Rice wa 105 miliyoni ali momwemo.

Gunner_Luchenza:
Pa Rice pokha musandiyambe. Amene anaonera mafirikiki awiri aja ndi Real Madrid akudziwa. Munthu uja amasewera pafupifupi gemu iliyonse, sadwaladwala, amathamanga ngati ali ndi mapapo anayi. Ndalama imeneyo sindiilira ngakhale pang'ono. Chimene chinatigwetsa ife ndi kuvulala. Timber tinamugula ku Ajax mu 2023, gemu yoyamba ya ligi ndi Nottingham Forest bondo lapita, n'kudzabwerera tsiku lotsiriza la ligi. Ameneyonso muziti tinataya ndalama? Tsoka silinunkha.

MauleMpakaKale:
Inu anthu mukuwerengetsera mapaundi a azungu pomwe pa Mulanje Park mpira ulipo. Tiyeni tikambe zathu. Bullets yasonyeza dziko lino kuti kulera kumaposa kugula. Ligi kasanu kotsatizana, ndipo mu 2023 zikho zinayi chaka chimodzi pansi pa Kalisto Pasuwa. Anyamata ambiri anachokera ku Reserve, timu yathu ya achinyamata, ena monga Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma mpaka anapita kukasewera ku Lubumbashi. Anzathu a Wanderers a ku Lali Lubani chaka ndi chaka amasesa msika wonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Noma_wa_Goliati:
Nyerere zake ndi ife amene, ndipo timaluma. Mukunena za kulera, nanga Silver itakulandani ligi mu 2024 munatani? Simunathamangire kukatenga kochi wawo Peter Mponda? Kumeneko si kugula?

MauleMpakaKale:
Mponda ndi mwana wa pakhomo, anali kaputeni wathu. Anangobwerera kwawo.

Noma_wa_Goliati:
Akabwera kwa inu ndiye wabwerera kwawo, akabwera kwa ife ndiye tagula. Chilungamo chanu ndi chimenecho achimwene?

KabazaWaNkando:
Pepani ndipatuke pang'ono. Amene muli ku Chitakale, vidiyo sho ija ili ndi jenereta? Sabata yatha magetsi anathima hafu taimu, K500 yanga inapita ndipo ndinali nditasiya makasitomala pa siteji.

Red_wa_Chitakale:
Ilipo koma mafuta amati tisonkhe. Bwerani msanga, mabenchi a kutsogolo amadzaza.

Bondo_Lakumanzere:
Ine sindimalembalemba pagulu pano, koma mawu akuti "tinataya ndalama pa wovulala" andikhudza, ndiye ndiloleni ndifotokoze zanga.

Ndinkasewera nambala 8 m'timu ya m'mudzi kwathu kuno ku Thyolo. Akuluakulu a timu ina, dzina sinditchula, anandiona pa mpikisano wa bonanza ndipo anabwera kudzandipempha. Mtengo wanga unali mipira iwiri ndi majezi akale amene anapatsa timu ya kwathu. Ineyo anandilonjeza mabutsi ndi ganyu. Kontrakiti panalibe, tinangogwirana chanza pansi pa mtengo wa mango amalume anga akuona. Ndinasangalala kwambiri, mabutsi aja ndinkagona nawo kumutu.

Chaka chachiwiri, nthawi ya mvula, tinkasewera pa bwalo lina lotsetsereka, udzu wonyowa pamwamba koma pansi dothi lofiira lomata lija. Palibe anandigunda. Ndinangoponda kuti nditembenuke, phazi linakanirira m'dothi, thupi n'kuzungulira lokha. Ndinamva kuti "thu!" m'kati mwa bondo ngati wina wathyola chinangwa chachiwisi. Anandithira madzi ozizira, wina n'kumakoka mwendo kuti ati aubwezere. Pofika madzulo bondo linali ngati papaya. Anandikweza pa njinga kukanditula kunyumba, ndipo abwana a timu anandipatsa bandeji ndi ndalama ya mapilitsi opha ululu. Sabata yotsatira nambala 8 anavala wina. Mabutsi anatuma mwana kudzatenga.

Kuchipatala anajambula n'kunena kuti fupa silinathyoke. Agogo ananditema mphini. Kutupa kunatha, ndinayambanso kuyenda, koma mpaka lero ndikamatsika chitunda nditasenza zinanazi bondo limangothawa lokha, ndimapezeka ndakhala pansi. Mpira ndinasiya ndili ndi zaka 23.

Tsono ndikamamva mukuti Mount ndi ndalama yotayika, mtima wanga umapita kwa mnyamatayo. Palibe wosewera amene amafuna kukhala pa benchi atavala jekete anzake akuthamanga. Usiku sugona, umangomva anthu akuchemerera m'mutu. Iye mwayi wake ali ndi madokotala ndipo malipiro akulandira. Funso langa kwa a Maule ndi a Noma ndi lakuti, mnyamata wa timu yaing'ono akathyoka pa bwalo la kuno kwathu, amamuthandiza ndani?

MayiBlues_Bvumbwe:
Pepani achimwene. Mpaka kutuma mwana kudzatenga mabutsi? Anthu ena alibe chisoni ndithu.

Red_wa_Chitakale:
Akulu, pepani kwambiri. Sindinalembe kuti ndinyoze ovulala. Mkwiyo wanga uli pa amene amasaina macheke, osati pa mnyamatayo.

Achipatala_Mulanje:
A Bondo, sindingakuyezeni pa foni, koma zimene mwafotokozazi, phazi kukanirira, phokoso m'bondo, kutupa tsiku lomwelo ndi bondo kumathawa, zimafanana kwambiri ndi kuduka kwa mtsempha wa m'kati mwa bondo umene pa TV amautchula kuti ACL. Mtsempha umenewu umagwira fupa la ntchafu ndi la msongolo kuti lamsongolo lisamaterereke kupita kutsogolo. Pa X-ray suoneka chifukwa si fupa, n'chifukwa chake anakuuzani kuti palibe chathyoka. Umaoneka pa makina ena ojambula m'kati mwa thupi otchedwa MRI, komanso dokotala wa mafupa amatha kuuzindikira pokoka mwendo ndi manja. Ukaduka wonse nthawi zambiri sulumikizana wokha. Kwa osewera, madokotala amatenga kachidutswa ka mtsempha wina, kawirikawiri wa kuseri kwa ntchafu kapena wa kutsogolo kwa bondo, n'kuikapo m'malo mwake. Opaleshoniyo ndi chiyambi chabe, ntchito yaikulu ndi mafizo a miyezi yambiri, ambiri amatha miyezi isanu ndi inayi kapena kuposa asanabwerere pa bwalo. Ndi zimene zinachitikira Timber, Van Dijk mu 2020 ndi Rodri wa Man City mu 2024.

Kwa amene mumayendetsa matimu a m'midzi, chonde musamakoke mwendo wa munthu wovulala bondo, ndipo musamamubwezere m'bwalo chifukwa choti waimirira. Mugonekeni, ikani chozizira, mwendo ukhale pamwamba, apite kuchipatala. Ndipo a Bondo, ngakhale papita zaka, kulimbitsa minofu ya ntchafu kumachepetsa kuthawako. Bondo likamathawathawa limawononga chichereŵechereŵe cha m'kati, ndiye musalisiye choncho.

Aphunzitsi_Thekerani:
Dzina la Rodri landikumbutsa mfundo imene tikuiphonya. Mtengo weniweni wa wosewera umaoneka tsiku limene palibe. City inatenga ligi kanayi kotsatizana. Rodri atavulala pa gemu ya Arsenal mu Seputembala 2024, timu yomweyo, kochi yemweyo, inafika popambana gemu imodzi yokha mwa 13. Anamugula ku Atletico Madrid ndi mapaundi pafupifupi 63 miliyoni. Tsopano ndiuzeni, anali wodula kapena wotchipa?

YNWA_Muloza:
Zoona aphunzitsi. Ifenso Van Dijk atagundidwa ndi Pickford, goloboyi wa Everton, chaka chimenecho tinagonja magemu asanu ndi limodzi otsatizana pa Anfield pomwe. Sindidzaiwala, ndinkaopa kudutsa pa boda chifukwa anyamata osintha ndalama onse ndi a United.

MauleMpakaKale:
A Bondo mwafunsa funso lolemera ndipo sindikuyankhani mwachibwana. FOMO, timu ya ku Mulanje, itakwera mu Super League mu 2024 tonse tinadzaza Mulanje Park, ena kukwera m'mitengo, chifukwa kwa nthawi yoyamba ena a ife tinaona matimu akuluakulu pakhomo osalipira minibasi ya ku Blantyre. Koma inangokhala chaka chimodzi. Timu yaing'ono ikavulalitsa anthu awiri odalirika ilibe ena olowa m'malo, pomwe yaikulu imangotembenukira pa benchi. Ine maganizo anga, timu iliyonse yolowa mu ligi, ngakhale ya m'boma, izikakamizidwa kulemba pa pepala kuti wosewera akavulala idzamuthandiza motani. Za kugwirana chanza pansi pa mango zithe.

Noma_wa_Goliati:
Apa ndagwirizana ndi Maule, ndipo sizichitikachitika. Ndiwonjezere kuti nafenso ochemerera tili ndi mlandu. Mnyamata akamatsimphina timakuwa kuti "dzuka iwe, ukunamizira!" Kochi akamutulutsa timamutukwana. Ndiye amasewera ndi ululu mpaka chinthu chaching'ono chikule.

Sapitwa_Queen:
Mwatchula amuna okhaokha kuyambira m'mawa. Mukafuna kuona timu imene inagula bwino, yang'anani Kansas City Current, timu ya mpira wa amayi ya ku America. Anatenga Temwa Chawinga mu 2024, chaka choyamba zigoli 20 mu ligi ya ku America, n'kukhala wosewera wabwino koposa onse. Mkulu wake Tabitha anatsogola pa zigoli ku Italy ali ku Inter, n'kukatsogolanso ku France ali ku PSG, kenako Lyon inamutenga. Ana a ku Rumphi amenewo. Pa sukulu za kuno ku Mulanje atsikana othamanga chonchija alipo, koma ndani amapita kukawaona?

Gunner_Luchenza:
Achemwali mwanena zoona. Brighton inapeza Caicedo ku Ecuador ndi ndalama zosakwana mapaundi 5 miliyoni, n'kudzamugulitsa 115. Leicester inatenga ligi ya 2016 ndi Vardy wa 1 miliyoni wochokera ku Fleetwood ndi Kante wochokera ku Caen. Ndalama ili mwa munthu amene amayenda kukaona, osati amene amadikira kuti dzina litchuke.

KabazaWaNkando:
Nanga Gabadinho? Anachoka ku Bullets kupita ku South Africa, ku Orlando Pirates anamwetsa zigoli 16 mu ligi chaka chimodzi. Chigoli chija anachinya Morocco ku Cameroon ndinagwetsa njinga ndi chisangalalo. Akanakhala wa dziko lina bwenzi mtengo wake uli pati?

Red_wa_Chitakale:
Tabwererani ku funso langa abale, palibe wandiyankha mwachindunji. Ndi timu iti yataya kwambiri?

MayiBlues_Bvumbwe:
Ndi yanu bambo. Nambala 15 pa ligi ya 2025, fainolo ya Europa n'kugonjanso kwa Tottenham. Ife tataya koma zikho zikubwera.

YNWA_Muloza:
Ndi yanu.

Red_wa_Chitakale:
Ndavomera kuti ndi yathu, koma pa Mount ndasintha pang'ono. Ndimupatsa chaka china, akakhala bwino thupi mpira amautha. Pa Antony pokha sindisintha, mtengo uja unali wolakwika kuyambira tsiku loyamba.

Bondo_Lakumanzere:
Zikomo nonse. Achipatala, mafizo mukunenawo ndingayambe ndekha kunyumba kapena mpaka andione kaye? Ndimakhala pa msewu ndi zinanazi kuyambira 6 koloko, tsiku lopuma ndi Lachitatu lokha.

Achipatala_Mulanje:
Akuoneni kaye, chifukwa zolimbitsa thupi zina zikhoza kuwonjezera vuto ngati chichereŵechereŵe chinang'ambika. Pitani Lachitatu lomwelo m'mawa ku chipatala cha boma, mutenge buku lanu la kuchipatala ndi chithunzi chakale chija ngati chilipo, ndipo mupemphe kuonana ndi a mafupa. Muwafotokozere ndendende mmene mwalembera pano, makamaka za phokoso lija ndi kuthawa kwa bondo potsika chitunda.

KabazaWaNkando:
A Bondo, mundiuze pamene mumagulitsira pa inbox. Lachitatu ndidzakutengani pa njinga yamoto, mafuta ndi anga.